Khadi Lodzuka Lopanda Nzeru

Tayi, mwana wa mwini kampani, ndiye anamulakwira Kachete. Anamulakwira m'chilimwe cha chaka chimene magetsi ankangothimathima, tsiku lomwelo limene mtsikanayo anadzutsa makina amene Tayiyo anagonetsa. Anamulanditsa kiyi wa chipinda chozizira. Amene sanagwireko ntchito m'chipindacho angati kiyi ndi kachitsulo chabe kolowa m'thumba. A Tiona, malume ake a Kachete, amadziwa kuti si choncho.

A Tiona anali mkulu wosamalira mawaya ndi mabatire pakampanipo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa munthu akawauza chilichonse, kaya kuti mawa kugwa mvula, kaya kuti abwana alonjeza nsapato zatsopano, iwo ankangoti, "Tiona." Anagwirira ntchito mabwana ambiri ndipo aliyense anawasiyira chipsera chake. Sukulu analekeza ali wamng'ono, ndipo anthu ophunzira ankawayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira galu wosauwa. Ngakhale mwana wa mlongo wawo yemwe, atalembedwa ntchito pakampanipo, sanamuombere m'manja. Mtsikanayo sankalankhulalankhula, n'chifukwa chake anam'tcha Kachete, ndipo a Tiona ankati anthu achete ndiwo amabisa zambiri.

Kampaniyo inkasungira anthu ena zinthu zawo m'makompyuta. Chipinda chozizira chinali kumapeto kwa khonde, chopanda zenera, ndipo mphepo yake inkaluma a Tiona m'mawondo. Munali makabati achitsulo aatali kuposa munthu. M'kabati ya pakona munali makina akale amene onse ankawatcha Chigayo chifukwa cha phokoso lake. Chigayo chinkasunga zithunzi za mafupa za chipatala china cha anthu othyoka. Kachete ankakhala m'chipindamo tsiku lonse, atavala juzi la amuna lotha m'zigongono, atakhala pansi kakompyuta kake kali pamiyendo. Kunja ankaoneka ngati mlendo wosowa pokhala. Akalowa umo nkhope yake inkamasuka.

Tsiku lina a Tiona akumanga waya kuseri kwa kabati, mtsikanayo anawaonetsa kanthu kobiriwira, kotalika ngati chikhatho ndi theka, kokhala ndi mano agolide m'mphepete.

"Malume, ili ndi khadi longa limene lili m'mimba mwa Chigayo. Ndi kapitawo wa madisiki, momwe mumasungidwa zithunzi zija. Kompyuta silankhula ndi madisiki payokha. Imauza khadi, khadi n'kuuza madisiki."

"Ngati mabwana basi. Sangakuuze okha."

"Koma kapitawo ameneyu ali ndi matenda. Magetsi akangothima amaiwala zonse. Amadzuka asakudziwa ngakhale dzina lake."

"Ndiye litayeni."

"Inunso mumaiwala pamene mwaika magalasi, takutayani?"

A Tiona anagwira pamphumi n'kupeza magalasi ali pomwepo. Anatsonya. Kachete anapitiriza. Anati nzeru za khadilo zimasungidwa padera, m'fayilo yotchedwa femuweya, ndipo nthawi iliyonse makina akayaka pamafunika wina wozithira m'mutu mwa khadi. Wothirayo ndi pulogalamu ina yaing'ono imene amaitcha dalaiva. Amene anapanga khadilo analeka kalekale kulisamala, ndipo dalaiva wawo anakana kugwira ntchito ndi pulogalamu yatsopano ya kompyuta. Mwini kampani anakana kugula makina ena. Choncho gawo lothira nzerulo Kachete analilemba yekha.

A Tiona anamuona akulemba, mlungu ndi mlungu, ndipo poyamba ankati mwanayu akungodya nthawi ya abwana. Koma tsiku lina anawakhazika pampando n'kuwaonetsa mizere ikutsika pagalasi la kompyuta, iye akumasulira. Dalaiva amayamba wagogoda pakhadi n'kulikhazika chete. Kenako amathira femuweya pang'onopang'ono, ngati womwetsa wodwala madzi ndi supuni. Akamaliza salikhulupirira khadilo. Amalifunsa kuti libweze chiwerengero cha zimene lalandira, ndipo chikasiyana ndi chake ngakhale pang'ono, amakhuthula zonse n'kuyambiranso. Zikagwirizana m'pamene amaliuza kuti dzuka. Ndiyeno amadikira mpaka khadilo liyankhe lokha kuti ladzuka.

"Kudikirako ndiye ntchito," anatero Kachete. "Ukalikankha lisanayankhe, limapusa, n'kukalemba zopusa pamadisiki a anthu."

"Ndiye kuti dalaiva wakoyu sakhulupirira munthu?"

"Ngakhale ine amene ndinamulemba."

"Anatengera yani?"

"Akuti kuchimuna ayi. Akuti kwa amalume."

A Tiona anayang'ana kumbali kuti mwanayo asaone mano awo. Chiyambire kugwira ntchito anali asanaonepo chinthu chopangidwa ndi munthu wophunzira chimene chimafunsa kawiri.

Panali chinthu chinanso chimene anawauza tsikulo. Makina akamayaka, madisiki asanaoneke, amayamba atsegula kathumba kakang'ono ka zida zoyambira, kamene kamakhala pakenakake kapadera. Femuweya iyenera kukhala m'kathumbako. Ikakhala pamadisiki aakulu, angakaitengeko ndani? Madisiki satseguka popanda khadi, ndipo khadi silidzuka popanda femuweya.

"Kiyi umayenda naye m'thumba," anatero a Tiona. "Sum'tsekera m'nyumba."

"Mwakhoza mayeso. Mawa mubwere ndi tayi."

Wa tayi weniweni anabwera chaka chomwecho. Anali atamaliza maphunziro ake kutali, ndipo bambo ake anamuika kukhala mkulu wa makina onse. Tisaname, sanali mbuli. Ankadziwa zambiri, ankalankhula bwino, ndipo ankadana ndi uve. Koma ankakonda changu kuposa kufunsa, ndipo safunsa anadya phula. Masana ena, Kachete atatumidwa kukakonza kompyuta ya kasitomala, a Tiona anam'peza Tayi ataima pa Chigayo, tayi ataiponyera paphewa, zala zikuthamanga.

"Mukukonza chiyani, bwana?"

"Ndikusesa, madala. Muli zinyalala zambiri umu. Chinthu chilichonse chizikhala pamalo pake."

A Tiona anati "Tiona" chamumtima n'kupitiriza kupukuta mabatire. Chigayo sichinatsokomole n'komwe. Chikanatsokomola bwanji? Khadi linali kale ndi nzeru zake m'mutu, ndipo malinga magetsi asathime, silikanazifunanso. Choncho kusesa kuja kunagona phee kwa masabata ambiri, ngati minga yobisala m'mphasa.

Tsiku la tsoka magetsi anathima m'mawa anthu akungofika. Jenereta inali kwa amakanika, kumene inakhalitsa chifukwa abwana ankangoti mawa. Mabatire a a Tiona ananyamula katundu yense mpaka dzuwa litafika pamutu. Ataona singano yosonyeza mphamvu ya mabatire ikutsika, anakauza Kachete, ndipo iye anagonetsa makina onse limodzilimodzi, mwaulemu, mabatire asanathe. Chipinda chinangoti zii. A Tiona anamva makutu awo akulira okha.

Magetsi anabwera masana. Makina onse anadzuka kupatula Chigayo. Zokupizira mphepo zake zinkalira monga mwa masiku onse, koma timagetsi ta pamadisiki tinali tothima, ndipo pagalasi panaima mizere yochepa yosasuntha. Foni ya kutsogolo inayamba kulira. Anali a kuchipatala. Dokotala ankafuna zithunzi za mayi wina wothyoka chiuno amene anali atam'konzekeretsa kale opaleshoni.

Tayi analowa akuthamanga, m'manja atanyamula bokosi la khadi latsopano la mtundu wina.

"Khadi lakale lafa. Ndinanena ine kuti zakalezi zidzatichititsa manyazi. Patuka, ndiike ili."

Kachete sanapatuke. Anaima kutsogolo kwa kabati, msana atatsamira chitseko chake.

"Bwana, khadi limenelo silidziwa kayalidwe ka madisiki awa. Likawapeza liyesa kuti ndi opanda kanthu, n'kufuna kuwayala mwatsopano."

"Tidzabwezeretsa kuchokera ku zosunga zapadera."

"Zosunga zapadera ndi za mlungu watha. Mayiwo awajambula dzulo."

"Iwe, mkulu wa makina pano ndani?"

"Ndinu. Koma madzi akatayika saoleka."

A Tiona anali ndi sipanala m'manja ndipo anaigwiritsa. Mtsikana amene ankalephera kupempha shuga patebulo anali ataima ngati chitsa pamaso pa mwana wa abwana. Mwini kampani naye anafika, thukuta lili kamukamu, foni ili kukhutu. Anayang'ana mwana wake, anayang'ana Kachete, kenako anati, "Ndikukalankhula ndi adokotala. Ndikamabwera ndipeze chayaka, apo ayi mwana wangayu achite zimene akunenazo."

Kachete anakoka mpando. Sanagwire kanthu msanga. Anawerenga mizere ya pagalasi kuyambira pamwamba, chala chikutsata, milomo ikugwedera. Pafupi ndi pansi chala chinaima.

"Khadi silinafe," anatero. "Dalaiva wanena yekha apa. Akuti ndagogoda, khadi layankha, ndapempha femuweya, sindinaipeze, ndiye sindipitirira."

Anatsegula kathumba koyambira kaja n'kuyang'anamo. Anayang'ananso kachiwiri. A Tiona anasendera kumbuyo kwake.

"Mulibe?" anafunsa motsitsa.

"Mulibe, malume. Kiyi watsekeredwa m'nyumba."

Pamenepo a Tiona anakumbukira tayi ili paphewa ndi mawu aja akuti ndikusesa. Anatembenukira Tayi. Tayi anali akuwerenga zolemba za pabokosi la khadi latsopano ngati muli nkhani yokoma.

Kachete sanafunse kuti wachotsa ndani. Anavula kachingwe m'khosi mwake, pamene pankalendewera kiyi wa chipindacho pamodzi ndi kafulashi kakuda kotha utoto. M'kafulashimo ankasungamo zida zoyatsira makina popanda madisiki ake. Koma asanakalowetse anatambasula dzanja.

"Tochi, malume."

Anathimitsa Chigayo, anatsegula mimba yake, n'kugwada kuunika pakhadi. Anati femuweya ya makhadi amenewa ilipo ya mitundu iwiri yofanana maina, ndipo ukathira yolakwika khadi limakomoka. Nambala ankaidziwa pamtima, pakuti ndiye analemba dalaivayo, komabe anagwada n'kuiwerenga pachitsulo penipeni, chilembo ndi chilembo.

"Ukutaya nthawi," anatero Tayi. "Sukuidziwa nambala ya khadi lako?"

"Ndikuidziwa. Ndikufuna nalo livomere."

Anatseka, analowetsa kafulashi, anayatsa. Mizere inayamba kutsika. A Tiona sankatha kuwerenga chinenero cha pagalasipo, koma mayendedwe ake anawazindikira: apa akugogoda, apa akuthira, supuni ndi supuni, apa akufunsa chiwerengero. Kenako mizere inaima. Palibe chinasuntha. Timagetsi tinali tothimabe. Kukhonde kunamveka nsapato za mwini kampani zikubwerera.

"Zakanika. Thimitsa," anatero Tayi, dzanja likupita kubatani.

Kachete anangokweza chikhatho osatembenuka. Dzanja la Tayi linaima m'malere. A Tiona anayang'anitsitsa timagetsi tija. Anafuna kunena kuti tiona, koma anadziletsa.

Kagetsi koyamba kanaphethira, n'kuyaka kobiriwira. Kachiwiri kanatsatira, kenako kachitatu, mpaka mzere wonse unayaka, ndipo m'kati mwa Chigayo munayamba kaphokoso kaja kokukuta kamene a Tiona ankadandaula nako masiku onse. Tsiku limenelo kanawakomera ngati nyimbo. Mwini kampani anafika pakhomo foni ikali m'manja. Kachete anapeza zithunzi za mayi uja n'kuzitumiza kuchipatala asanalankhule ndi aliyense. Femuweya yosowayo anaipeza pamadisiki aakulu, itaikidwa bwinobwino m'foda yatsopano ya dzina laudongo.

Aliyense anapuma. Mwini kampani anali atayamba kale kuseka ndi adokotala pafoni. Koma Kachete anaibwezera femuweya m'kathumba, anamanga kathumbako mwatsopano, anadikira achipatala avomere kuti zithunzi zafika, kenako anazula kafulashi n'kuthimitsa Chigayo chonse.

"Wapenga kodi?" anakuwa mwini kampani.

"Pepani bwana. Ngati sichingadzuke chokha, ndiye kuti sindinakonze. Bola tidziwe lero tili pano."

Anayembekeza mpaka zokupizira zitaima, kuti khadi liiwale zonse, n'kuyatsanso. Chigayo chinadzuka chokha, timagetsi tonse mbee. A Tiona anaona ntchito zambiri m'moyo wawo, zambiri za izo zomata ndi malovu kuti bwana adutse. Munthu wobwezera dala chinthu m'dzenje kuti aone ngati chingatulukemo chokha anali asanamuonepo. Anatuluka kukhonde n'kukapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

Dzuwa lisanapendeke onse anaitanidwa ku ofesi ya mwini kampani. Munali kapeti wofewa ndi mipando imene a Tiona sanauzidwe kuti akhalepo. Achipatala anali atafunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndipo ankafuna kumva kuti wolakwa wapezeka.

Tayi analankhula modekha, tayi itabwerera pamalo pake. Anati pali zinthu ziwiri. Choyamba, mabatire sanapirire, ndipo mwina amene amawasamala wakula. Chachiwiri, makina a chipatala akuyendera dalaiva wopangira pakhomo, amene amam'dziwa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anasiya fayilo yofunika pamalo olakwika.

"Mabatire anagwira ntchito yawo," anatero Kachete asanapatsidwe mpata. "Anapirira kuposa mmene anapangidwira. Vuto silinali la magetsi ngakhale pang'ono. Zimenezo muwauze achipatala."

"Nanga fayiloyo?" anafunsa mwini kampani.

"Sindinaisunthe ine."

"Anaisuntha ndani?"

Makina sakanatha kunena, chifukwa onse a m'chipindamo ankalowera dzina limodzi ndi mawu achinsinsi amodzi, monga mwini kampaniyo analamulira kale kuti pasakhale wobisira mnzake. Kachete anayang'ana Tayi, kum'patsa mpata. Tayi anayang'ana kapeti.

"Ndinawaona ine," anatero a Tiona. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene anafunira. "Abwana aang'onowa. Anaima pa Chigayo mwanayu kulibe. Anati akusesa."

"Ndimaima pamakina onse tsiku lililonse," anayankha Tayi. "Ndi ntchito yanga."

Mwini kampani anatsamira kumpando. "Madala, zimene zinali pagalasi tsiku limenelo munaziwerenga?"

"Sinditha kuwerenga zimenezo."

"Ndiye munaona chiyani?"

"Ndinaona munthu akusesa m'nyumba imene sanamange."

"Uyu ndi mwana wa mlongo wanu, si choncho? Magazi ndi magazi. Pitani mukaone mawaya anu."

A Tiona sanapite. Anaona mwini kampani akuyang'ana mwana wake kanthawi, ndipo m'maso amenewo anaonamo kuti bamboyo akudziwa. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwini kampani anati sachotsa munthu ntchito, iye si wankhanza, ndipo akuthokoza Kachete chifukwa cha changu chake cha masana. Kungoti achipatala ayenera kumva kuti pasintha kanthu. Kuyambira mawa Kachete azikhala kutsogolo, kuyankha mafoni a makasitomala, popeza amadziwa kufotokoza bwino. Kiyi apereke kwa mkulu wa makina.

Kachete anavula kachingwe kaja. Anamasula mfundo. Anaika kiyi patebulo. Kafulashi anakagwira kanthawi, kenako anakapereka kwa Tayi m'manja.

"Aka mukakoloweke m'kati mwa kabati ya Chigayo, kumanzere kuli kambedza. Mukasintha chilichonse m'kathumba, muzithimitsa makina n'kuyatsanso inu muli pomwepo. Ndipo mizere ikaima musamathimitse. Limachedwa kuyankha, ndi lokalamba."

Tayi analandira n'kukaika m'thumba.

Poweruka anayenda limodzi kupita kokwerera basi, m'mbali mwa msewu wa fumbi, akudutsa ogulitsa ma chaja ndi osoka nsapato. A Tiona ankayenda patsogolo, akulankhula okha, kenako anatembenuka.

"Wam'patsiranji? Ukanapita nako kwanu. Tsiku lina akanadzasesanso, n'kubwera kudzakugwadira."

"Mafupa ali m'menemo si a Tayi, malume."

"Mlandu suola. Ndidzapita ndekha kuchipatalako ndikawauze."

"Mukawauze chiyani? Kuti femu chiyani?"

"Femu... chinthu chakocho."

Kachete anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anagwira mkono wa malume ake. Kenako kuseka kunatha, ndipo anayenda mpaka pa siteji. Juzi lake lotha m'zigongono analipinda n'kuliika m'chikwama. Kutsogolo kumene anam'tumizako sikuzizira.

Kuchipatala a Tiona anapitadi, tsiku lawo lopuma, atavala jekete. Mlonda wa pageti anawafunsa ngati athyoka penapake. Atati ayi, anawauza kuti za makompyuta akalankhule ndi kampani yawo.

Magetsi akuthimabe. Akabwera, a Tiona amaima pakhomo la chipinda chozizira, pakuti tsopano amalowa pokhapokha wina awatsegulire, n'kumayang'ana kupyolera pakagalasi ka pachitseko. Mizere imatsika, imaima, ndipo patapita kanthawi timagetsi ta Chigayo timayaka kamodzikamodzi. Achipatala anauzidwa kuti mkulu wa makina anakonza vutolo ndipo wolakwa anasunthidwa. Kachete amakhala patebulo la kutsogolo, pafupi ndi mphika wa maluwa apulasitiki, n'kumafunsa oimba foni ngati ayesa kuthimitsa n'kuyatsanso. Kiyi wa chipinda chozizira ali palamba wa Tayi.